Ulendo wathu wa ku Loretto, kwawo kwa botolo la phula lofiira

Tinanyamuka ku South Bend mbandakucha Loweruka, anthu 14 m'galimoto zitatu. Tinadutsa Indianapolis, tinawoloka mtsinje wa Ohio pa Louisville, ndipo titapitirira Bardstown msewu unayamba kuchepa, uku minda ya chimanga, uko ng'ombe. Tinafika ku Loretto m'boma la Kentucky ku America dzuwa lili paliwombo. Pagululi panali ena osalawa n'komwe mowa, monga amayi aakulu a kumpingo kwathu, koma anati mbiri ya banja siledzeretsa, tiyeni tikaone.

Malo amene amatchezera kachasu wa Maker's Mark ali m'chigwa, kamtsinje kakudutsa pakati. Nyumba zake n'zakuda bii, zotsekera mawindo zofiira. Fungo linatilonjera tisanatsike n'komwe m'galimoto, ndipo aliyense amene anakulira pafupi ndi mbiya ya masese analizindikira nthawi yomweyo.

Banja la a Samuels, limene linayambitsa Maker's Mark, linali lotcheza mowa kuyambira kalekale. Linali ndi fakitale yake ku Deatsville, imene inaima pa nthawi ya lamulo loletsa mowa m'dziko la America, kuyambira 1920 kufika 1933. Itatsegulidwanso zinthu sizinayende bwino, ndipo inachoka m'manja mwa banjali. A Bill Samuels aakulu sanafune kuthera pomwepo. Mu 1953 anagula fakitale yakale ya Burks, yomwe tinaimapoyo, pa mtengo wa madola 35,000. Mowa woyamba anautcheza mu 1954, koma botolo loyamba linatuluka mu 1958. Zaka zonsezo ndalama zimangolowa m'fakitaleyo, osatulukamo kanthu.

Lamulo la bourbon, womwe ndi mtundu wa kachasu ameneyu, ndi lakuti chimanga chisachepere 51 peresenti, ndipo mowawo ugone m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak yowauka mkati. Ambiri amawonjezerapo mbewu ya rye, imene imaluma pakhosi. A Samuels ankafuna mowa wofewa. Poti sakanatha kudikira zaka kuti alawe msakanizo uliwonse, banjali linkaphika buledi wa mbewu zosiyanasiyana, n'kusankha wokoma koposa, amene anali wa tirigu. Mpaka lero amaika chimanga 70 peresenti, tirigu 16 ndi chimera cha balere 14. Apa amayi aakulu aja anagwedeza mutu n'kundinong'oneza kuti, “Mwanawe, wamva? Nkhani yafika kukhitchini.”

Ndipo kukhitchiniko n'kumene ine ndinakodwa mtima. Mayi Margie Samuels, akazi awo a Bill, ankakonda kusonkhanitsa ziwiya zakale zachitsulo, ndipo anaona kuti mmisiri wonyadira ntchito yake amaikapo chidindo. Dzina la Maker's Mark linachokera pamenepo. Maonekedwe a botolo, kalembedwe ka pachikalata chake, zonse ndi nzeru zawo. Phula lofiira lija, limene limayenderera pakhosi pa botolo, anayamba kulisungunula mumphika wokazingira kunyumba kwawo. Amuna awo anakonza zamkati, koma chimene munthu amaona ali patali m'sitolo n'kutambasula dzanja ndi ntchito ya mayiyu. Zinandiwawa kumva kuti ulemu wolowa mu Kentucky Bourbon Hall of Fame, m'ndandanda wa akatswiri a bourbon, anaulandira mu 2014, atamwalira kale. Anayenera kuumva ndi makutu awo.

Chidindo chawo chili ndi nyenyezi, kuimira famu ya banjali ya Star Hill, chilembo S ndi IV. A Bill ankadziwerengera kuti ndi m'badwo wachinayi wa otcheza mowa. Mwana wawo atafufuza bwino anapeza kuti anali wachisanu ndi chimodzi, koma chidindo anachisiya momwemo.

Tinalowa m'chipinda cha zitsime zikuluzikulu zamatabwa momwe phala limawira lokha popanda moto, thovu lili tuwituwi. Kenako m'nkhokwe ya migolo, mozizira ndi mwamdima, momwe mgolo uliwonse wa malita pafupifupi 200 umagona zaka zisanu ndi chimodzi kapena kuposerapo. Migolo ya pamwamba, pomwe pamatentha, amaitsitsira pansi pakapita nthawi kuti yonse ipse mofanana. Achimwene athu ena, amene amagwira ntchito yonyamula katundu, anaima nthawi yaitali kuyang'ana mashelefuwo osanena kanthu.

Pobwerera, mkangano unabuka m'galimoto yathu pa nkhani ya umwini. Banjali linagulitsa kampaniyi ku kampani ya Hiram Walker mu 1981, ndipo itadutsa m'manja angapo, kuyambira 2014 ili pansi pa Suntory ya ku Japan. Ena amati ndiye kuti za banja zinatha kalekale, latsala dzina. Ine sindinavomereze kwathunthu. A Bill Samuels aang'ono anaiyendetsa kuyambira 1975 mpaka 2011, kenako mwana wawo Rob anatenga udindo. Mu 2013, mowa utayamba kuperewera pamsika, kampani inalengeza kuti itsitsa ukali wake kuchoka pa 45 kufika 42 peresenti. Ogula anakwiya, ndipo patangotha masiku ochepa a Samuels awiriwa anabweza ganizolo poyera. Kwa ine, pamenepo dzina la makolo linali likugwirabe ntchito, ngakhale chikwama chili kwina.

Tisanachoke, amene anagula mabotolo analoledwa kuviika okha m'phula lotentha, atavala epuloni ndi magolovesi. Amayi aakulu aja sanagule, koma anapempha kuti aviike la mlamu wanga. Analigwira chadodolido, kuliviika, kulizunguza kamodzi, phula n'kutsetsereka mizere itatu. Anati limenelo asalitsegule, likhale pashelefu. Tinafika ku South Bend usiku, anthu ali m'tulo.