Chimbudzi chachigayo cha ku Likhubula

Ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, malo ndi otsetsereka, ndipo ukangokumba pang'ono wakumana ndi mwala. Mayi wina wa nyumba yogona alendo atamanga chipinda china kumunsi kwa bwalo, zinapezeka kuti chimbudzi chili pansi, sepitiki tanki ili kumtunda. Ndiye anawaikira chimbudzi chokhala ndi bokosi kumbuyo, chija amati macerator, ena timangoti chachigayo. M'bokosimo muli mota ya mawati pafupifupi 400, mipeni yozungulira maulendo pafupifupi 2,800 pa mphindi, ndi kampira kamene madzi akakwera kamadinikiza swichi. Ukagejemula, mota imalira masekondi 10 kapena 20, kupera zonse, n'kuzikankhira kumtunda m'paipi yopyapyala ya mamilimita 32.

Mayiyo anandiimbira ine pulambala mu July, chiperoni chili mbuu, alendo obwera ku mpikisano wothamanga m'phiri ali pafupi kufika.

"Achimwene, chimbudzichi chalodzedwa," anatero ndisanatule ndi chikwama chomwe. "Ukagejemula madzi amayamba akwera kaye, n'kumabwibwita. Usiku chimalira chokha popanda munthu. Ndiye shawa ikubweza zinthu zomwe sinalandire."

Kubwibwitako ndi nkhani ya mpweya. Malita 6 a madzi akamalowa m'bokosi lotseka, mpweya womwe unali m'menemo uyenera kutuluka, ndipo mota ikamapopa, mpweya wina uyenera kulowa. Njira ikatsekeka, mpweya umakankha madzi kubwerera m'chimbudzi, kapena kukatulukira ku shawa, yomwe imathiranso madzi ake m'bokosi lomwelo. Ndinazungulira kuseri kufuna paipi yopumira. Ndinaipeza itathera pansi pa zenera, kukamwa kwake atafwatikamo jumbo yakuda n'kumanga ndi lamba wa chubu cha njinga.

"Ndinatseka ndine, bwana," anatero madala olondera pamalopo, monyadira ndithu. "Fungo linkafika mpaka ku khitchini."

Kulira kwa usiku kuli ndi zifukwa ziwiri zodziwika. Mwina thanki yogejemulira ikudontha pang'onopang'ono m'chimbudzi, kapena valavu yoletsa madzi kubwerera, imene imakhala pa chigongono chotulukira pamwamba pa bokosi, sikutseka bwino. Ndinatseka mpopi wa thanki, n'kupukuta m'kati mwa chimbudzi ndi pepala: mouma. Ndiye kuti ndi valavu. Zomwe zakwera m'paipi zimatsikanso, bokosi limadzaza, mota imadzuka n'kuzikweza, zimatsikanso. Mpaka tambala.

Koma chomwe chinandigwetsa ulesi ndi kayalidwe ka paipi. Amene anaika anayamba wayenda chogona mamita 6 m'mbali mwa khoma, kenako n'kukwera mamita 3, pogwiritsa ntchito zigongono zinayi za madigiri 90. Makinawa safuna zimenezo. Paipi imayenera kukwera choongoka pomwepo ikangotuluka m'bokosi, kenako n'kumatsetsereka yokha, sentimita imodzi pa mita iliyonse, mpaka kukafika. Mita imodzi yokwera imadya mphamvu yofanana ndi mamita 10 ogona, ndipo chigongono chilichonse chakuthwa chimadyanso pafupifupi theka la mita yokwera. Popinda timaika zigongono ziwiri za madigiri 45. Ntchito ija inali ya mmisiri wa simenti amene anangouzidwa kuti "inunso mukhoza".

Nthawi yonseyi magetsi anali atazima chiyambire m'mawa.

"Madala, takazimitsani swichi ya makinawa."

Anapita, ndinamva kuti thapu. "Ndazimitsa, bwana."

Tesita ndinaigunditsa pa waya, sinayake. Ikanayaka bwanji dera lonse lili mumdima?

Ndinavala magolovesi, n'kutchera ndowa. Paipi ya mamita 9 yoteroyo imasunga malita opitirira 5, ndiye sumangoizula ayi. Umamasula kilipu pang'ono, n'kusiya zonse zitsikire m'ndowa. Zinatsika mwaulemu, osadontha pansi ngakhale dontho. Ndinachotsa chigongono, ndipo pa kachitseko ka valavu panali patakodwa kansalu konyowa kopukutira ana. Tinsalu timeneti sitisungunuka, ndipo mipeni imangoting'amba m'timizere. Mlandu wa ufiti unathera pomwepo.

Bokosi linali likadali lodzaza mpaka m'khosi. Ndinagwada, n'kuyatsa tochi ya foni, n'kuweramira pa bowo lotulukira kuti ndione ngati m'kati mwatsala kansalu kena. Pamenepo ndi pomwe ndinamva ana kumsewu akukuwa.

"Ayakaaa! Ayakaaa!"

Mota yomwe inapangidwa kuti izikweza katundu mamita 4 kapena 5 sidziwa kuti paipi yachotsedwa. Kampira kanali kadinikiza kale swichi, kankangodikira moto. Ndinamva kuti vuuu, ndipo zonse za alendo a sabata imeneyo, zoperedwa bwinobwino, zinandipeza pamphumi, zina n'kupitirira mpaka ku siling'i. Za ku siling'izo zinabwereranso kudzandipeza m'khosi mwa ovolosi.

"Madala! Zimitsani!"

Madala anathamanga, thapu! Babu ya m'bafa inayaka kuti ngwee. Swichi yomwe anazimitsa poyamba ija inali ya babu. Makinawo analibe swichi yawoyawo. Anangowalumikiza ku waya wa soketi ya chipinda china. Ndiye m'malo moti ndivutike mumdima, ndinavutika poyera, ndipo ndi nthawi yomweyo mayi aja anatulukira pakhomo atanyamula thireyi ya tiyi ndi chinanazi chodula kale.

Anandiyang'ana. Anayang'ana siling'i. Mota inamaliza ntchito yake n'kuzima yokha, monga iyenera kuchitira madzi akatsika.

"Ndiye kuti yayamba kugwira ntchito?" anafunsa.

Pakamwa sindikanatsegula, ndinangogwedeza mutu.

Nditasamba pa mpopi wa panja, madzi ozizira a m'phiri akundilasa m'mafupa, ndinakazimitsa meni swichi ya nyumba yonse n'kumatapo tepi. Chivindikiro nditatsegula, ndinapeza tsitsi la meshi litazengereza pa shafiti ya mipeni. Ndinalichotsa ndi pulaya yosongoka, chifukwa zala sizilowa mmenemo. Mawa lake zipangizo zitabwera kuchokera ku Limbe, paipi ndinaiyalanso: kukwera kaye mamita 3, kenako kutsetsereka. Yopumira ndinaika ya mamilimita 40, kuikweza kupitirira denga, pamwamba n'kuvekapo kasefa koletsa mavu ndi masamba. Mayi aja anali atamva za kavalavu kolowetsa mpweya kosafuna kuboola denga. Ndinakana. Kameneko kamalola mpweya kulowa kokha, pomwe bokosili limafunanso kuutulutsa. Ndi jumbo yomweyo, kungoti yogula modula. Paipi ya shawa ndinaipatsa kutsetsereka kwa masentimita 3 pa mita, ndipo makinawo ndinawapatsa swichi yawoyawo ya fyuzi ya 5A, pafupi, pamalo oti wogwira ntchito aziiona ndi maso ake.

Pachitseko tinamata chikalata: m'chimbudzimu muzilowa pepala la m'chimbudzi basi. Tinsalu tonyowa, mapadi, makondomu, nyuzipepala ndi zitsononkho, ayi. Madala ndinawauza kuti chikatseka asathiremo soda woyabwa, amadya mphira, komanso asachipope ndi pampu ija ya mphira. Azingozimitsa n'kundiimbira. Anafunsa kuti azimitse swichi iti. Ndinawagwira dzanja n'kuliika pomwepo.

Ovolosi sinaume chifukwa cha chiperoni, ndiye ndinabwerera nditavala yunifomu ya khuku, yoyera, buluku lolekeza m'mawondo. Wa kabaza wonditengera ku Chitakale anayenda pang'ono, n'kununkhiza, n'kuima.

"Bwana khuku, pepani. Kodi alendo anuwo lero mwawaphikira chiyani?"