Loweruka, pa benchi la wogulitsa uchi

Lero ndinadzuka 5 koloko, kunja kuli chifunga chija cha Mzuzu cha mu July, kuzizira kolowa mpaka m'mafupa. Pa Katoto ndinakumana ndi anzanga awiri a m'gulu lathu la mapemphero, mayi wina wa ku Chibavi ndi mnyamata wa ku koleji. Tinakwera minibasi ya ku Ekwendeni, kenako njinga zamoto mpaka pabwalo la sukulu ina ya kumudzi komwe alimi amaonetsa zokolola zawo.

Anthu anali pikitipikiti. Uku mbuzi zomangirira pa mitengo, uku soya ndi nyemba m'malichero, alangizi akuonetsa kapangidwe ka feteleza wa Mbeya ndi madeya, phulusa ndi ndowe. Chapatali amuna a ingoma ankaponda pansi mpaka fumbi koboo. Tinagawana timapepala ta uthenga n'kumwazikana.

Mmawa wonse ndinkangopereka moni wa "monire" ndi kapepala. Pafupifupi aliyense ankandiyankha kuti ali ndi mpingo kale, ndipo sankanama. Mishoni ya ku Ekwendeni inayamba mu 1889, nthawi ya Walter Elmslie, ndiye kuno dzina la Yesu analimva kale azigogo a azigogo awo. Kapepala ankalandira ndi manja awiri, kupinda, kuika m'thumba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Cha m'ma 11 miyendo itatopa ndinapempha malo pa benchi la bambo wina wachikulire amene amagulitsa uchi m'mabotolo. Chitumbuka changa n'chopereŵera, koma iwo anandiyankha m'Chichewa chabwino, ati anachiphunzira ali tenanti wa fodya ku Kasungu. Ndinawafunsa za njuchi chifukwa ndinkafunadi kudziwa. Anandifotokozera momwe amafukizira utsi pofula, kuti safula malesa onse kuopa kuti njuchi zingasamuke, komanso kuti uchi wa m'nkhalango umaderako kusiyana ndi wa pafupi ndi minda.

"Nanga ming'oma amakupachikirani ndani, adada?"

Anakhala chete, akupukuta botolo lomwe linali loyera kale. Kenako anati ankapachika ndi mwana wawo wamwamuna, koma anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Mnyamatayo anali atasiya kupita kutchalitchi, amamwa. Pamaliro a mpingo sanayimbe. Bambowa, amene anayimba pa maliro a anthu ena zaka zambirimbiri, anaika mwana wawo m'manda popanda nyimbo. Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso pakhomo la tchalitchi.

Mavesi onse amene ndinakonza usiku wathawu anali m'mutu, koma panalibe limene ndikanalitchula osawapweteka. Malamulo a maliro m'mipingo yathu ndimawadziwa, ndi zifukwa zake ndimazimva, komabe mtima wanga sumavomera kuti bambo wolira asiyidwe yekha pa tsiku ngati limenelo. Ndinawauza zimenezi mosabisa, ndipo ndinapepesa ngati Mkhristu mnzawo wa amene anakhala chete aja.

Ndiye anandifunsa mondiyang'ana m'maso: "Amama, inu a Baibulo, mwana wanga ali kuti?"

Ndinati woweruza ndi Mulungu yekha, sindingawanamize kuti ndaona kumene ali. Koma ndinatsegula Buku Lopatulika pa Yohane 11, pamanda a Lazaro, n'kuwerenga vesi 35 lija la mawu awiri okha: Yesu analira. Anandiuza ndiwerengenso. Anafunsa ngati analira anthu akuona, ndinati eya, mpaka Ayuda amene analipo ananena za momwe ankamukondera. Anagwedeza mutu kwa nthawi. Kunabwera mayi wofuna uchi, anamugulitsa, anawerenga chenji, kenako anavula chipewa n'kuti tipemphere, koma iwo apemphera m'Chitumbuka. Mawu ambiri anandidutsa. Ndinangomva "Chiuta" ndi dzina la mwana wawo likubwerezedwa.

Pobwerera mu minibasi mnyamata wathu uja anali wokondwa, ati anthu 14 anapemphera naye pemphero lolandira Yesu, ndipo mayina analemba m'kope. Ndinakondwera naye, chifukwa ndinamuona akuyenda padzuwa tsiku lonse osadya. Atandifunsa anga ndi angati, ndinati ndacheza ndi munthu mmodzi, ndipo sanalonjeze zobwerera kutchalitchi. Mayi wa ku Chibavi uja anati mwina tikauze abusa a kumeneko. Ine ndikuona kuti tisathamange, tiyambe tafunsa eni ake.

Pano ndi 9 koloko usiku, magetsi azima, ndikulemba ndi tochi ya pa foni. Botolo la uchi lomwe ndagula lili patebulo, ana alawa kale ndi zala. Bambo aja anandilongosolera njira ya kwawo, kudutsa chigayo n'kukhotera kumanzere pa mjigo, ndipo anati akazi awo ndiwo salankhula n'komwe za mwanayo. Ndauza bambo a kunyumba kuno kuti Loweruka likubwerali tipitire limodzi, ndipo nditenga buku la nyimbo.