Zomwe ndatola pa nkhani ya agogo a pa benchi ku Harare

Temu ino pa kosi yathu ya uphungu tafika pa mutu wa anthu wamba omwe amaphunzitsidwa masiku ochepa kenako nkumathandiza anzawo ovutika maganizo, ndipo chitsanzo chomwe aliyense amathamangira ndi Friendship Bench ya ku Zimbabwe. Ambiri munaimvapo, agogo kukhala pa benchi panja pa kiliniki nkumamvetsera mavuto a anthu. Nkhaniyi imakoma m'khutu ndipo anthu amaifotokoza ngati chinsinsi chonse ndi agogowo basi, kuti munthu wamkulu akangokhala nawe pansi mtima umakhazikika. Ine nditawerenga pepala la kafukufuku lenilenilo maganizo anga apita kwina, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale, mwina anzanga omwe mukuphunzira zomwezi tithandizana.

Anayambitsa ndi Dr Dixon Chibanda, dokotala wa matenda a m'maganizo, cha m'ma 2006 ku Mbare mu Harare. Anayamba ndi agogo 14 omwe ankagwira kale ntchito zaumoyo m'maderamo, nthawi imene madokotala a ntchito imeneyi m'dziko lonselo anali owerengeka. Kafukufuku wamkulu anatuluka mu magazini ya madokotala ya JAMA mu 2016. Anatenga makiliniki 24 a mu Harare nkuwagawa mwamaere, ena benchi ena chithandizo cha masiku onse chowonjezerako pang'ono uthenga ndi malangizo, anthu onse pamodzi 573. Patatha miyezi 6, mwa omwe anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 aliwonse ndi omwe anali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pomwe mbali inayo anali pafupifupi 50 pa 100. Kusiyana kwake ndi kwakukulu zedi, palibe angatsutse.

Koma agogowo sankangocheza ayi. Anaphunzitsidwa njira ya problem solving therapy, yothandiza munthu kupeza yekha njira zothetsera mavuto ake, kukumana ndi munthu maulendo 6, ndipo ulendo uliwonse uli ndi dongosolo lake. Apa mpomwe ndinakhalitsa chifukwa tinaiyeserera mkalasi. Mnzanga wina anayerekeza kukhala mayi wogulitsa tomato, bambo a kunyumba anapita ku Joni ndipo anasiya kutumiza ndalama ngakhale foni sakuyankha, ngongole ya banki m'khonde yakwana, apongozi akulankhulalankhula, usiku tulo sakupeza. Atangomaliza kufotokoza kalasi yonse inali ndi mayankho kale, wina akuti apite kwa ankhoswe, wina akuti apemphere, wina akuti asinthe geni ayambe mandasi. Aphunzitsi anatiletsa tonse. Anati phungu afunse mayiwo kuti atchule mavuto onse mmodzimmodzi, alembe papepala, kenako afunse kuti mayi, pa onsewa ndi liti lomwe mukufuna tiyambe nalo, lomwe mukuona kuti mungaligwire ndi manja anu sabata ino. Tonse timayembekezera kuti asankha nkhani ya mwamuna. Anasankha ngongole. Kenako mayiwo okha nkumatchula njira, kubwereka kwa achemwali, kugulitsa wailesi, kukalankhula ndi apampando a gulu kuti azibweza pang'onopang'ono, ndipo phungu ntchito yake ndi kungofunsa ubwino ndi kuipa kwa njira iliyonse osasankhira munthu. Pomaliza pulani imakhala yaing'ono komanso yomveka, Lachiwiri mmawa asanapite kumsika adzera kwa apampando, adzanena zakuti zakuti, ndipo sabata yamawa tidzayambira pomwepo kuona kuti zinayenda bwanji.

Zikuoneka zophweka koma kutseka pakamwa pamene yankho ukuliona nkovuta, makamaka ife amene tinakula tikuona kuti munthu wamkulu akamathandiza ndiye kuti akulangiza, anankungwi, ankhoswe, akulu ampingo, onse amalankhula iwe nkumamvera. Sindikunyoza zimenezo, zasunga mabanja ambiri. Kungoti munthu amene wakhumudwa kwambiri chomwe chimamuthera ndi chikhulupiriro choti iye angachite kanthu, ndiye ukamusankhira zonse wamuthandiza lero lokha, akabwera ndi vuto lina abwereranso ali chimodzimodzi. Carl Rogers, katswiri wa zamaganizo wa ku America, analemba kale mu 1957 kuti chomwe chimasintha munthu ndi phungu womumvera chisoni mozindikira, wosadzibisa, womulandira mmene alili popanda kumuweruza. Agogo aja mwina mtima umenewu anali nawo kale, koma dongosolo lija anachita kuphunzira.

Ndiye pali gawo lomwe anthu safotokoza akamasimba nkhaniyi, lomwe kwa ine ndi mutu weniweni. Agogowo anali ndi owayang'anira. Kumbuyo kwawo kunali akuluakulu a zaumoyo ophunzitsidwa, ndipo kumbuyo kwa amenewo kunali ma psychologist (akatswiri a zamaganizo) ndi madokotala, moti munthu akaoneka kuti vuto lake lakula kapena akuganiza zodzipha ankatumizidwa kwa odziwa msanga. Agogo sanasiyidwe okha ndi katundu yense. Ife kuno timakonda ma training, masiku asanu ku lodge, alawansi, satifiketi, chithunzi cha gulu, kenako aliyense kwawo, ndipo palibe amene adzabwere kudzakhala naye pansi munthuyo kumufunsa kuti nkhani yomwe yakuvuta mwezi uno ndi iti. Kuli ngati kumupatsa munthu njinga yopanda mabuleki nkumuuza kuti atsike nayo phiri. Munthu wophunzira masiku ochepa akapanda supervision, kutanthauza kukumana pafupipafupi ndi womuyang'anira, pang'onopang'ono amabwerera ku zomwe anazolowera, kulangiza ndi kudzudzula, osati chifukwa ndi woipa koma palibe womukumbutsa. Komanso iyeyo ndi munthu, akumva nkhani za kugwiriridwa, za maliro, za nkhanza za m'banja tsiku ndi tsiku, akaweruka azipita nazo kuti? Kwa akazi ake kapena amuna ake sanganene chifukwa ndi chinsinsi cha kasitomala. Supervision ndi malo okhawo omwe angatule mololedwa.

Si ku Zimbabwe kokha. Ku Pakistan kuli Thinking Healthy, yomwe Atif Rahman ndi anzake anaiyesa ndi amayi a zaumoyo a m'midzi pothandiza amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene, inatuluka mu magazini ya madokotala ya Lancet mu 2008, nayonso amayi a zaumoyowo ankakumana ndi owayang'anira mwezi ndi mwezi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi njira ya Problem Management Plus ya maulendo 5, ndipo buku lake limanenetsa za kuyang'anira. M'zitsanzo zonsezi, gawo ili linalipo. Chomwe chimandidetsa nkhawa nchoti pulojekiti ikatha ndalama yoyamba kudulidwa imakhala ya mafuta a woyang'anira.

China chomwe ndaphunzira ndi nkhani ya mafomu a mafunso opimira kuvutika maganizo. Ku Harare anagwiritsa ntchito SSQ-14, mafunso 14 omwe anapangidwira komweko kuchokera ku mmene anthu olankhula Chishona amafotokozera kuvutika kwawo. Kuno kwathu Robert Stewart ndi anzake anayesa fomu yotchedwa SRQ ya m'Chichewa pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, ndipo Michael Udedi ndi anzake anayesa fomu yopimira kukhumudwa ya PHQ-9 pa odwala shuga ku Lilongwe. Izi nzofunika chifukwa fomu yongobwera kuchokera kunja sungaikhulupirire usanaiyese pa anthu ako. PHQ-9 ili ndi mafunso 9, mapointi kuyambira 0 kufika 27, ndipo funso lomaliza ndi lija lofunsa ngati munthu wakhala akuganiza kuti bola kufa kapena kudzivulaza. Mkalasi tikamayeserera, pofika pa funso limeneli mawu amatsika, ena amaliwerenga mothamanga, ena amalikhotetsa kuti simunaganizepo zoipa eti, zomwe zikumuuza kale munthu kuti ayankhe ayi. Aphunzitsi anatibwereza mpaka aliyense atafunsa momveka, maso ali pa munthuyo, nkudikira yankho osathamangira kudzaza chete. Kafukufuku waonetsa kuti kumufunsa munthu za kudzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Koma kuno pali chovuta chinanso, kwa zaka zambiri malamulo athu akhala akutenga kuyesa kudzipha ngati mlandu, ndiye munthu amaopa kuti akaulula zithera kupolisi. Nchifukwa chake pa ulendo woyamba penipeni uyenera kumuuza kuti zomwe tikambirane zikhala pakati pathu, kupatula ngati moyo wanu kapena wa munthu wina uli pangozi, apo ndidzafunika kuitana wina woti atithandize ndipo ndidzakuuzani kaye. Ndipo uzidziwiratu komwe ukamutumize, namwino kapena kiliniko ofesala wa matenda a m'maganizo pa chipatala cha boma, Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe. Kufunsa funso la kudzipha lija ulibe kolozera ndi kumusiya munthu panjira.

Kafukufuku wa ku Harare ali ndi malire ake ndipo ndi bwino kuwanena. Anawatsatira anthu miyezi 6 yokha. Anachitikira m'tauni, komwe kiliniki ili pafupi. Ndipo oposa 80 pa 100 aliwonse anali amayi. Ichi chimandikhudza kwambiri chifukwa malipoti a apolisi kuno ku Malawi amaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri odzipha ndi abambo, ndipo abambo ndi omwe sabwera ku kiliniki pokhapokha zitafika poipa. Bambo wa kabaza amene ngongole yamufika m'khosi sakakhala pa benchi pa sikelo ya ana pomwe aneba akudutsa. Benchi ya abambo mwina iyenera kukhala kwina, pa siteji ya kabaza, pa bawo, ku mpira, ndipo womvetserayo mwina akhale bambo mnzawo. Apa mpomwe ndikufuna kulembapo pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ngati aphunzitsi avomera mutuwo.

Mwezi wamawa tikupita ku pulakitiko. Pa fomu yosankhira malo ndalemba kuti ndikufuna komwe kuli munthu wondiyang'anira amene ndizikumana naye sabata iliyonse pa tsiku lodziwika, ngakhale kukhale kutali ndi kwathu ndipo thiransipoti indidyere ndalama. Anzanga omwe munapitako kale chaka chatha, ndiuzeni kuti supervision kumeneko inkachitikadi kapena inkangokhala yosainirana logbook kumapeto.