Ndatuluka m'chipatala

Amene mwakhala mukundifunsa, ndabwerako, koma ndapita padera. Masabata awiri apitawo nditayamba kutaya magazi, sikani inaonetsa kuti mwana akadalipo, anangoti ndikapume. Lachinayi usiku m'mimba munayamba kupota, kumusi kukutuluka chikazi chofiirira chonunkha, kenako magazi oundana ndi kanthu kotuwa ngati kanyama. Apongozi ankati tidikire kuche. Koma ine ndikunjenjemera m'bulangete, ndi kutentha kwa kuno ku Chipoka! Achimwene anandithamangitsira kuchipatala panjinga yamoto, kanthu kaja nditakakulunga m'kansalu kuti anamwino akaone. Zina zinatsalira m'chiberekero ndipo zinayambitsa matenda, ndiye ananditsuka n'kundipatsa mankhwala. Anzanga a kukwaya, mukamabwera mafunso asachuluke, ndikadali wofooka.