Musazule zitsa m'munsi mwa mapiri a Mchinji

Mtsinje wa Bua umayambira kumapiri a Mchinji, ndiye nkhalango ya kumeneko ikatha, madimba akumunsi nawonso auma. Inu a m'midzi yozungulira nkhalangoyi, musazule zitsa za mombo, msuku ndi muwanga: mizu yake ndi yamoyo, ndipo mphukira zake zimapirira chilala kuposa mbande za kunazale.

Pa chitsa chilichonse siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka. Zinazo dulani ndi chikwanje chakuthwa, chifukwa chobuntha chimang'amba khungwa, mtengo n'kuyamba kuwola. Sadzani nthambi zam'munsi zokha, osapitirira theka la mtengo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi moto wolusa wa mu Okutobala. Lambulani njira yotchinga moto, mamita 4 m'lifupi, mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse. Mbuzi zimangireni kutali chaka choyamba.