Funso Loyamba Pogula Active Filter

Magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo karenti yake imayenera kukwera ndi kutsika mosalala. Koma ma VFD (zipangizo zosintha liwiro la mamota), ma UPS (zipangizo za mabatire zothandiza magetsi akazima), makompyuta ndi mababu a LED amakoka karenti modukizadukiza, ndipo kudukizako ndiko kumabala mahamoniki, omwe ndi mafunde ena a karenti othamanga kangapo kuposa 50 Hz. Rekitifaya ya mapalasi 6, imene imasandutsa AC ya mafezi atatu kukhala DC, imatulutsa kwambiri a 250 Hz ndi 350 Hz, pomwe a 150 Hz, ochokera ku zipangizo za fezi imodzi, amaunjikana mu waya wa nyutilo. Zikatero thiransifoma imatentha pomwe katundu wake ndi wochepa, ndipo makapasita amatupa.

Active filter, makina ochotsa mahamonikiwa, imayeza karenti ndi ma CT (tithiransifoma toyezera karenti), kenako inveta yake (gawo losandutsa DC kukhala AC) ya ma IGBT (maswitchi othamanga kwambiri) imatulutsa karenti yolingana ndi mahamonikiwo koma yotsutsana nawo. Ogula ambiri amangofunsa za maampu ndi mtengo. Ine ndimayamba ndafunsa mmene makinawo amadziwira karenti yoti atulutse, chifukwa mpamene pagona nkhani.

Mwa njira zodziwira karentiyo, njira ya p-q, imene Hirofumi Akagi ndi anzake anaifotokoza ku Japan mu 1983, imawerengera mphamvu ya mafezi atatu pa kamphindi kalikonse, n'kulekanitsa gawo lokhazikika ndi gawo logwedera. Ndi yachangu ndithu, koma imadalira volteji imene yayeza. Voltejiyo ikakhala yopindika kale, kapena mafezi akasiyana, nayonso karenti yowerengeredwa imasokonekera, ndipo makina okwera mtengo amasiya zonyansa zina m'mawaya.

Nchifukwa chake pamalo a magetsi ofooka, monga kumapeto kwa laini yayitali kapena pa jenereta, ndimakonda njira ya d-q. Imeneyi imatsatira funde lenileni la 50 Hz mothandizidwa ndi PLL (gawo lolondola kayendedwe ka funde la volteji), kotero kuti karenti yabwino imaoneka yosasintha ndipo chogwedera chilichonse chimadziwika kuti n'chochotsa. Komabe PLL imafuna kuitchera mosamala: ikafulumira kwambiri imalowetsa zopindika za volteji, ikachedwa imatsalira jenereta ikasintha liwiro.

Kuti inveta itsatire karentiyo, njira ya hysteresis, yotsegula kapena kutseka ma IGBT karenti ikapyola malire oikidwa, ndi yosavuta, ngakhale kuti ma IGBT amatsegula ndi kutseka pa liwiro losakhazikika. Njira ina yowongolera inveta, ya proportional-resonant, imalondola hamoniki iliyonse payokha, pomwe njira ya PI (proportional-integral) imasunga volteji ya kapasita ya DC ya mu invetayo.

Musanasainire kuti ntchito yatha, yezani ndi analayiza (chipangizo choyezera mahamoniki) pamalo pomwe fakitale imalumikizirana ndi laini, monga momwe muyezo wa IEEE 519 umanenera, ndipo muyezenso kachiwiri jenereta ikuyaka.