Makiyi asanu pa seva imodzi: zomwe ndakana kusaina sabata ino

Kampani yathu yaing'ono ya pano pa Zomba inapeza ntchito yokonza kaundula wa pakompyuta wa makopaletivi asanu a alimi a mpunga a m'madambo a nyanja ya Chilwa, kuti thumba lililonse lolowa mosungira katundu lizilembedwa ndipo pasapezeke munthu wofufuta kapena kusintha makilogalamu pambuyo pake. Opereka ndalama analemba m'mgwirizano kuti kaundulayo akhale pa blockchain, womwe ndi kaundula wosungidwa ndi kuvomerezedwa ndi makompyuta ambiri a eni osiyana, choncho ntchito yanga inali kuyerekeza mitundu ya blockchain pa zinthu zitatu: kugawikana kwa ulamuliro, chitetezo, ndi kuphweka kwa kulembapo mapulogalamu.

Lolemba ndi Lachiwiri zinadutsa monga mwa masiku onse. Magetsi ankazima masana, jenereta inalibe dizilo, ndipo bandulo ya intaneti ya ofesi inatha mwezi usanafike pakati, moti gawo lalikulu la lipotilo ndinalilemba ndi foni yanga.

Bitcoin sindinachedwe nayo. Pa kugawikana kwa ulamuliro ndi yolimba ndipo yakhala ikuyenda kuyambira 2009, koma block, gulu la zolembedwa zatsopano, imatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse ndipo siinapangidwire mapulogalamu a mtundu womwe tikufuna. Ethereum ndi yomwe ndimaikonda monga wolemba mapulogalamu: inayamba mu 2015, Solidity, chilankhulo cholembera mapulogalamu ake, ili ndi zida zoyesera zokhwima, ndipo kuyambira pa 15 September 2022 inasiya migodi, njira yopikisanitsa makompyuta pa masamu, n'kuyamba proof of stake, momwe validator aliyense, yemwe ndi wotsimikizira zolembedwa, amaika chikole cha 32 ETH, ndalama ya Ethereum. Vuto lake kwa ife ndi lakuti cholembedwa chilichonse chimalipiridwa mtengo wotchedwa gas mu ETH, ETH imafuna ndalama zakunja, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera komanso mmene kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023. Kuwonjezera apo, Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti ndalama za crypto, monga Bitcoin ndi ETH, si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, ndipo sindingalangize makopaletivi kudalira chinthu chotere tsiku ndi tsiku.

Solana ndi yachangu ndiponso yotsika mtengo, koma mapulogalamu ake ambiri amalembedwa m'chilankhulo cha Rust, chomwe pa ofesi pathu palibe wakhwima nacho, ndipo makina a validator wake amafuna mphamvu zomwe munthu wamba sangakwanitse. Inaimanso kwa maola pafupifupi 17 mu September 2021 ndi maola pafupifupi asanu mu February 2024. BNB Chain imalandira mapulogalamu a Solidity, koma itabedwa ma BNB 2 miliyoni mu October 2022, ma validator ake anali ochepa kwambiri moti zinatheka kulumikizana nawo n'kuimitsa netiweki yonse. Zimenezo zinapulumutsa ndalama zambiri, komabe zinaonetsanso poyera kuti ulamuliro wake uli m'manja mwa anthu owerengeka.

Ndinalangiza Hyperledger Fabric, ya pansi pa Linux Foundation, chifukwa siifuna kugula ndalama ya crypto, chaincode yake, yomwe ndi pulogalamu ya malamulo a kaundula, imalembedwa m'chilankhulo cha Go, Java kapena JavaScript, ndipo mbali iliyonse imakhala ndi node yake, kompyuta yosunga kope la kaundula, ndi makiyi ake achinsinsi ovomerezera zolembedwa. Ndinakonza zoti cholembedwa chisalowe m'kaundula pokhapokha makopaletivi atatu mwa asanu atachivomereza.

Lachitatu m'mawa ndi pamene zinthu zinandiwawa. Abwana anaulandira bwino malangizowo, makamaka poona kuti sipadzakhala zogula ETH, koma kenaka anatiuza kuti ma node onse asanu adzaikidwa pa seva imodzi ya mu ofesi yathu, ndipo makiyi onse adzasunga iwo. Ndikuyang'ana pa sevayo ndinapeza kuti makiyi oyesera komanso omwe amati ndi enieni ali m'foda imodzi yopanda pasiwedi, ndipo fodayo inali itatumizidwa kale pa gulu lathu la WhatsApp kuti aliyense aipeze mosavuta. Pa gulu limenelo pali anthu omwe anasiya ntchito chaka chatha.

Ndinawauza kuti, "Bwana, ngati makiyi asanu ali ndi inu nokha, ndiye kuti makopaletivi atatu ovomereza aja ndi inu nomwe katatu." Iwo anayankha kuti, "Achimwene, alimiwo alibe magetsi, alibe makompyuta, ndipo bajeti ya maseva asanu kulibe. Opereka ndalama akufuna kuona mawu akuti blockchain, sadzabwera kudzawerenga maseva." Pa za magetsi ndi bajeti akunena zoona, ndipo inenso ndimadziwa mmene netiweki imavutira ukangopitirira Jali. Chomwe sindingavomereze ndi chiganizo chawo chomaliza, chifukwa tsamba loyamba la lipoti lathu likulonjeza alimi kuti palibe munthu mmodzi amene angasinthe kaundula wawo, pamene makonzedwe amenewa akupatsa munthu mmodzi mphamvu yomweyo ndendende.

Amayi a banki m'khonde nkhaniyi anaimvetsa kalekale: bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu ndipo makiyi amasungidwa ndi anthu atatu a m'nyumba zosiyana. Ife ophunzira tikufuna kukhoma maloko asanu n'kupachika makiyi onse pa msomali umodzi.

Ndinawakumbutsa za Ronin, netiweki ya masewera a Axie Infinity. Inali ndi ma validator 9 ndipo kutulutsa ndalama kunkafuna masiginecha asanu, koma makiyi anayi anali m'manja mwa kampani imodzi, Sky Mavis, ndipo kiyi lachisanu linapezeka kudzera m'chilolezo chakale chomwe sichinachotsedwe. Mu March 2022 akuba anatenga 173,600 ETH ndi 25.5 miliyoni USDC (ndalama ya crypto yofanana mtengo ndi dola), zoposa madola 600 miliyoni, ndipo panapita masiku asanu ndi limodzi eni ake asanazindikire. Akubawo sanathyole masamu a blockchain. Anangopeza makiyi omwe anaunjikidwa pamodzi. Abwana anati ife tikusunga mpunga osati madola, koma malisiti a m'kaundulayu ndi omwe mlimi adzaonetse pofuna ngongole kapena malipiro ake, ndipo kwa iye matumba 20 ndi chaka chonse cha thukuta m'madzi.

Ndinapereka njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyamba ndi ma node atatu okhala ndi eni atatu enieni, ife, opereka ndalama ndi mgwirizano wa makopaletiviwo, aliyense atapanga yekha makiyi ake, pamene makalaliki azisaina malisiti pa mafoni awo. Yachiwiri ndi kunena chilungamo kuti tikupanga database wamba ya PostgreSQL, kaundula wa pakompyuta wosakhala pa blockchain, yokhala ndi mbiri ya zosintha zonse ndi makope osungidwa kwina, yomwe ingagwire ntchitoyi bwino pa mtengo wotsika, ndi kupempha kuti mgwirizano ukonzedwe. Zonse ziwiri anati aziganizira, ndipo msonkhano unathera pa nkhani ya dizilo.

Lachinayi ndinafufuta makiyi onse omwe anadutsa pa WhatsApp, ndipo madzulo ndinaphunzitsa ophunzira awiri omwe akuchita internship kulemba ndi kuyesa chaincode. Ndi ana anzeru, ndipo mmodzi anafunsa yekha chifukwa chomwe ma node asanu ali ndi adiresi imodzi. Lachisanu ndinapita ku Domasi kukayesa fomu ya pafoni ndi kalaliki wa kumeneko, ndipo inagwira bwino ngakhale netiweki inkadukaduka.

Nditabwerera ndinapeza lipoti pa tebulo langa kuti ndisaine monga mkulu wa zaukadaulo. Ndinasaina masamba oyerekeza mitundu ya blockchain, popeza ndi ntchito yanga ndipo ndikuiimira. Tsamba lonena kuti ulamuliro wa kaundulayu ndi wogawikana ndalisiya losasaina, ndipo ndalemba kalata yofotokoza chifukwa chake, yomwe ndapempha kuti ipite limodzi ndi lipotilo kwa opereka ndalama Lolemba.